Amati Ndinamudula ndi Mchere

Kwathu kumapiri a Dowa munthu aliyense amatsokomola. Mphepo ya mwera ikayamba, mudzi wonse umadzuka ndi chimfine, ana mamina ali chuchuchu, akuluakulu akutsokomolera kuseri kwa nkhokwe ngati mbuzi zodya gaga wouma. Palibe amafunsa kuti chachokera kuti. Chimenecho ndi chifuwa cha chisanu, chimabwera chokha n'kupita chokha. Pali china cha ana, chokoka mtima, chimene mwana amatsokomola mpaka maso kufiira, kenaka n'kukoka mpweya ngati tambala wophunzira kulira. Pali chibayo, chimene chimalasa m'nthiti munthu akanyowa ndi mvula n'kugona osauma, ndipo chikapanda kukupha msanga chimakusiya. Pali mphumu ya amayi anga, imene imadzuka akamapuntha mawere kapena akakhalitsa pa utsi wa nkhuni zaziwisi. Zonsezi ndinakula nazo, ndimazisiyanitsa ndi khutu ndili m'nyumba. Koma chifuwa chimene mwamuna wanga anabwera nacho kuchokera ku Joni ndinali ndisanachimvepo, ndipo ndi chokhacho chimene anthu anafuna kudziwa amene wachibweretsa. Anafufuza, anapeza ine.

Sukulu ndinaisiya ndekha, palibe anandichotsa. Ndinakhala ku mishoni mpaka ndinadziwa kuwerenga ndi kulemba, ndipo nditadziwa zimenezo ndinaona kuti chotsala ndi kuchapa ndi kusita nsalu za dona wachizungu wa pamishonipo. Tsiku lina simbi inatentha kwambiri, ndinawotcha nsalu ya pathebulo, dona n'kundinena pamaso pa anzanga kuti mutu wanga ndi wa nkhuku. Ndinaika simbiyo pansi bwinobwino, n'kuuyamba ulendo wa kwathu osatsanzika. Chimene ndinatengako kumeneko, kupatula zilembo, ndi mnyamata mmodzi wa ku Ntchisi amene ankaphunzira kumbali ya anyamata, wamtali, woseka ndi mano onse, amene ankakonda kunditsanzira mmene ndinkawerengera mokuwa m'tchalitchi. Ananditsatira kwathu, ankhoswe anakambirana, iye n'kumanga nyumba pafupi ndi ya amayi monga amachitira mkamwini aliyense. Tinalima limodzi dzinja limodzi lokha. Kenaka msonkho unavuta, ndipo ananyamuka wapansi ndi anzake kupita ku migodi.

Zaka zimene anakhala kumeneko sindifuna kuziwerenga. Munda ndinkalima ndekha. Pachitsime akazi ankanditcha mkazi wa mtchona, kunena kuti mwamuna wanga wakwatira kumeneko ndipo sadzabweranso. Ndikamva kuti kumudzi wakuti kwafika munthu wochokera ku Joni, ndinkasiya khasu n'kupita kukafunsa, ndipo yankho linali lomwelo: dziko lake ndi lalikulu, mayi, migodi ndi yambiri. Pamudzi pathu wodziwa kuwerenga ndinali ine ndekha, choncho amuna ankabwera pakhonde panga ndi mapepala awo a msonkho kuti ndiwauze chimene mzungu walemba. Ndinkawerenga, iwo n'kumapita. Sindinkagwada powabwezera pepala, ndipo wina akayamba nthabwala zopusa ndinkamuyankha pomwepo, mokweza. Amayi ankati pakamwa pangapa padzandipalamulira mlandu. Ine ndinkati mlanduwo ubwere, undipeza ndili pano.

Mwamuna wanga anabwera titamaliza kukolola, dzuwa litapendeka. Ndinali kupeta pabwalo. Ndisanamuone ndinamumva: kutsokomola kouma, kochokera pansi, kumunsi kwa njira ya kudambo, ngati munthu akugunda mtondo wopanda kanthu. Amayi nawonso anamva, anatukula mutu. Kenaka anatulukira, atavala jekete lomukulira, kabokosi kali paphewa. Ndinataya lichero. Amati mkazi wolongosoka amagwada patali n'kuwomba m'manja. Ine ndinathamanga n'kumukumbatira, ndipo manja anga anakumana kumsana kwake mosavuta, pamene kale sankakumana.

"Wanenepa," anatero. "Ukudya chimanga changa."

"Nanga inu thupi mwasiya kuti?"

"Ndasungitsa. Ndikatenga chaka chamawa."

Amayi anapha nkhuku. Nditatapa mchere kuti ndithire mu mphika, anandigwira dzanja.

"Itana mwana athire."

"Chifukwa?"

"Ukudziwa chifukwa chake. Munthuyu wachokera kutali. Tseka pakamwa pa anthu."

Aliyense kwathu amadziwa za mdulo. Mkazi amene wagona ndi mwamuna wina amakhala wotentha, ndipo akathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake n'kudya, mcherewo umamudula pachifuwa. Amayamba kutsokomola, amaonda, mapazi amatupa, pomaliza amalavula magazi. N'chifukwa chake mkazi wodzikayikira amaitana kamwana kosadziwa kanthu kuti kathire m'malo mwake. Koma pabwalo panali patadzaza akazi obwera kudzaona mlendo, ndipo maso awo anali pa dzanja langa, osati pa mlendoyo. Ndikanaitana mwana, bwenzi m'mawa mwake nkhani ili pachitsime kuti waopa, ali ndi chifukwa. Ine ndinalibe choopa. Ndinathira ndekha, ndinachita kukweza dzanja kuti aliyense aone. Ndinkayesa ndapambana. Sindinaganize kuti munthu atafika ali kale ndi chifuwa, anthu adzayamba kuchiwerenga pa mphika wanga.

Miyezi ya chilimwe ija ndi imene ndimaikumbukira ndikamapalira ndekha. Analibe mphamvu zopita kutali, ndiye ankakhala pakhonde n'kumasema mipini, ine ndikusinja pafupi. Amayi ankamuwiritsira makungwa owawa, ankamufunditsa bulangete pa mphika wa masamba otentha kuti akoke nthunzi, monga timachitira ndi chifuwa cha chisanu. Ankatuluka mmenemo ali thukuta lokhalokha n'kunena kuti wapsa, abweretse mbale. Za ku Joni ankandiuza pang'onopang'ono, mopumira.

"Amatitsitsa m'chikhola chachitsulo, mimba n'kutsalira kumwamba. Kunsiko mwala timauboola ndi chitsulo. Fumbi lake n'loyera ngati ufa wakowu, mpaka nyali ya mnzako suiona. Ukatuluka n'kulavula, umalavula phala."

"Ndiye munkamezeranji?"

"Ukanakhalapo iwe ukanawafunsa azunguwo, ndikudziwa. Bwenzi mgodi atatseka."

Anati ku komboni ankagona ambiri m'chipinda chimodzi, pa mabedi a simenti osanjikizana, mazenera otseka chifukwa cha chisanu cha kumeneko. Amene ankagona pamwamba pake anali munthu wachikulire, amene anatsokomola miyezi yambiri mpaka tsiku limene anamutulutsa atamukulunga. Patapita nthawi mwamuna wanga naye anayamba, ndipo akapitawo anamutumiza kukapimidwa.

"Dotolo wa pamgodi anandigogoda pachifuwa ngati mayi wogula mbiya. Anamvetsera, anati iyi ili ndi mng'alu, ibwerere kwa woumba."

Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, ndipo ndinasiya munsi n'kumugwira mpaka chitadutsa.

Mvula yoyamba itagwa anaumirira kupita kumunda. Mzere woyamba womwe sanaumalize. Anatsamira khasu, anatsokomola, ndipo pa dothi lonyowalo panagwa magazi ofiira ngati a nkhuku yongozingidwa kumene. Anafotsera ndi phazi, poganiza kuti sindinaone.

Ndinapita naye ku chipatala cha mishoni, malo amene ndinalumbira kuti sindidzapondako. Dotolo wachizungu anali pa ulendo. Tinapeza bambo wina wa kwathu konkuno amene ankamuthandiza ntchito. Anamvetsera pachifuwa ndi kumsana, anayang'ana malovu, n'kunena kuti ndi chifuwa chachikulu. Anati muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timachoka m'chifuwa cha wina n'kulowa mwa wina kudzera mu mpweya ndi malovu, makamaka anthu akamagona mothithikana. Fumbi la mwala ndi limene limayamba kukanda mapapo, tizilomboto n'kupeza polowera. Anati azikhala padzuwa, azilavulira m'phale la phulusa ine n'kumakwirira, azimwa mkaka, azidya mazira, ndipo tizigona motalikirana. Anatipatsa botolo la mafuta a nsomba onunkha.

"Achira?" ndinafunsa.

Anayang'ana botololo.

"Nanga mchere?"

"Mchere ulibe mlandu, mayi."

"Ndiye tiyeni mukanene zimenezo kumudzi."

"Ntchito yanga ndi ya pano. Akuluakulu anu musakangane nawo."

Ndizo nzeru za kusukulu zimenezo. Zoona amakuuza m'chipinda, chitseko chili chotseka, kenaka amakusiya uzikasenza wekha.

Mbiri ya magazi inakwera mapiri msanga kuposa munthu. Posakhalitsa kunafika apongozi anga, amayi ake a mwamuna wanga, pamodzi ndi mlongo wawo, atsibweni ake a wodwalayo, amene kwawoko ndiwo mwini mbumba. Anabwera ndi anyamata onyamula mtengo wautali, ndipo nditauona mtengowo ndinadziwa kuti ndi wa machila, zokambiranazo n'zongokwaniritsa mwambo.

Tinakhala pabwalo m'mawa, wodwalayo atagona pamphasa pakhonde. Ankhoswe a kwathu analipo, koma anangoti zyoli. Atsibweni sanayang'ane ine, ankalankhula ndi amayi anga.

"Tsiku limene anafika mwana wathu, m'ndiwo anathira mchere ndani?"

"Ndine," ndinayankha.

"Tikufunsa akuluakulu."

"Akuluakulu sanathire. Ndinathira ndine."

"Mwamva, asewere? Sukulu imeneyo."

Apongozi ndiwo analankhula modekha, ndipo kudekha kwawoko kunandipweteka kuposa mwano wa atsibweni.

"Mwana wanga, sitinabwere kudzakunyoza. Mwamuna akachoka zaka zonsezi, thupi ndi thupi. Tonse ndife akazi. Pakhonde pano tinkamva kuti amuna sankatha. Ungotchula dzina, asing'anga apeze pogwira, asakanize mankhwala, mnzakoyu amwe, achire. Ukatero ukhala naye pompano, uzimusamala wekha. Koma ukakana, ife tingamusiye bwanji m'manja omwe akumudulawo?"

"Anabwera akutsokomola kale. Amayi anamva."

"Ndinamva," anatero amayi, koma motsitsa, ngati akupepesa.

"Munthu woyenda ulendo wautali amatsokomola," anatero atsibweni. "Magazi anayamba kuti? Kunjira kapena m'nyumba muno?"

Ndinawauza za fumbi la mwala, za bambo wachikulire wa pabedi la pamwamba, za tizilombo. Anandilola ndimalize.

"Tizilombo tosaoneka. Iwe unationa?"

"Ayi."

"Mcherewo anthu anauona."

Amayi anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Tchula aliyense," anandinong'oneza. "Tchula malemu uja anamira mumtsinje dzinja latha. Wakufa sakana mlandu. Ukufuna mwamuna wako kapena ukufuna kupambana?"

Ndinkamufuna. Ndinali nditamudikira mpaka anthu kundiseka, ndipo tsopano dzina limodzi la munthu wakufa likanamusunga pakhonde panga. Koma ndinakumbukira mayi wina wa mudzi wa kutsidya, amene mwamuna wake anabweranso chomwechi. Iye anatchula dzina, mwamunayo anamwa mankhwala, anamwalirabe, ndipo anthu anati mayiyo anatchula mmodzi pamene analipo ambiri. Ndiponso mwamuna wanga akanalimva dzinalo likutuluka pakamwa panga iye ali gone pamphasa. Ngakhale ndikanamunong'oneza pambuyo pake kuti linali bodza, munthu wogona tsiku lonse osachita kanthu amaganiza, ndipo ndikanamuona akundiyang'ana n'kumadzifunsa. Masiku ake anali ochepa. Sindinafune kuti awathere pa funso limenelo.

Ndinabwerera pabwalo n'kunena kuti dzina palibe. Mwamuna wanga anadzuka ndi chigongono.

"Atsibweni, mkaziyu..."

Chifuwa chinamugwira pomwepo, chachitali, mpaka misozi. Atsibweni anadikira kuti chithe.

"Mwamva nokha. Pongomutchula."

Anamangirira bulangete lake lomwe la ku Joni pa mtengo uja, n'kumunyamula. Botolo la mafuta analisiya pakhonde.

Sindinawathamangire tsiku lomwelo. Ndinakwiya, ndipo mkwiyo unandisunga masabata angapo. Ndinakwiyira atsibweni, amayi, ankhoswe, bambo wa kuchipatala, ngakhale iye amene chifukwa cholephera kumaliza mawu ake. Mkulu wina wa mpingo anabwera kudzandiuza kuti matenda ndi chifuniro cha Mulungu, ndipo ndinamufunsa ngati Mulunguyo ndiye amakumba migodi. Sanabwerenso. Ndinkapalira ngati ndikumenya munthu. Koma m'nyumba munali zii. Ndinali nditazolowera kudziwa ndi khutu ngati lero kuli bwino kapena ayi, kumva pamene chifuwa chikuyamba n'kufika ndi madzi chisanakule, ndipo tsopano ndinkamvetsera osamva kanthu. Mpini umene anausiya osamaliza unali pakhonde, ndinkaulambalala posesa. Tsiku lina mbuzi inatsokomola kuseri kwa nyumba, ine n'kutuluka ndikuthamanga. M'mawa mwake ndinasenza ufa, botolo lija ndinamanga m'nsalu, ndinauza amayi kuti munda aziona okha.

Njira ya ku Ntchisi m'dzinja ndi yoterera, mitsinje imakhala yodzaza, ndipo kumtunda kuja nkhungu imatsika masana n'kubisa munthu amene ali patsogolo pako. Ndinagona kwa anthu panjira, amene anandifunsa kuti ndikupita kukaona ndani, ndipo nditanena anasuntha mbale zawo. Nkhani inali itafika kale. Ndinalowa m'mudzi wa apongozi ndili matope mpaka m'mawondo.

Anali atamuika m'kanyumba ka kumapeto kwa mudzi, chitseko chotseka, zikuni zaziwisi zikufuka m'kati kuti asazizidwe. Chifuwa chake ndinachimva ndili patali, chitasintha, chitanyowa. Apongozi anandilandira popanda chipongwe komanso popanda kumwetulira.

"Wabwera ndi dzina?"

"Ndabwera ndi ufa."

"Ufa tilandira. Madzi uzitunga, nkhuni uzitola, uzisinja. Mphika wake usaukhudze, m'nyumbamo usalowe."

Ndinavomera. Ine amene ndinasiya sukulu chifukwa cha mawu amodzi a dona, ndinasanduka wantchito pamudzi wa eni, kumagona m'nyumba yophikira pamodzi ndi nkhuku, kuti ndizimusuzumira pachitseko akamalowetsa chakudya. Akazi a kumeneko ankaitana ana awo ndikamadutsa. Ndikamachokera kumadzi ndinkatula mtsuko pafupi ndi kanyumbako n'kumachedwa dala ngati ndikukonza nkhata. Iye ankawadziwa mapazi anga.

"Ndani akuponda ngati ng'ombe kunjako?"

"Wantchito wa amayi anu."

"Umuuze aziyenda ngati mtsikana wa ku mishoni."

"Anamuthamangitsako."

"Bodza, anathawa yekha. Ndinalipo."

Ndi zokhazo zimene tinkalankhulana, kudzera m'khoma la dothi, mpaka wina akatulukira.

Kenaka mwamuna wanga anasiya kudya. Apongozi anayesa phala, anayesa nkhunda, anayesa bowa amene ankamukonda ali mwana, koma mbale zinkabwerera momwe zinapitira. Tsiku lina masana, mvula itasiya, anapempha kuti amutulutse panja. Anamukhazika motsamira khoma. Ndinali ndisanamuone poyera kuchokera tsiku la machila. Pachifuwa ponse anali atamutema mphini, nthiti zili poyera, mapazi otupa. Maso okha ndiwo anali ake. Atsibweni anabwera, ndi anthu ena apafupi. Apongozi anaika patsogolo pake mbale ya nkhwani wotendera.

"Muli mchere umu?"

"Wathira mwana wa mlongo wako," anatero apongozi. "Usaope."

"Katengeni zina zopanda mchere. Mcherewo mubwere nawo padera."

Anapita mothamanga, poganiza kuti mwina mtima wafuna chakudya. Atabwera nazo, iye anayang'ana ine.

"Iwe, bwera uthire."

"Mphwanga," anatero atsibweni, "ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndikufuna kudya, atsibweni."

"Akumaliza ameneyu."

"Ngati anandidula ndi uyu, andimalize yemweyu, ndikumuona nkhope. Koma chinandidula ine ndinachisiya pansi pa nthaka ku Joni. Tilipo ambiri amene tabwerako chonchi. Kodi akazi athu onse anapangana?"

Anapuma nthawi yaitali, mpweya ukulira m'khosi.

"Mukakana, sindidyanso. Sankhani."

Apongozi anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mwana wawo, kenaka anandikankhira kachigoba ka mchere ndi nsonga za zala, nkhope atayang'anitsa kumbali. Ndinagwada. Ulendo uno dzanja sindinalikweze kuti wina aone. Ndinathira pang'ono, ndinavundula. Iye analawa.

"Wachepa. Dona sanakuphunzitse?"

Ndinawonjezera. Anadya mbamu zingapo za nsima, zazing'ono ngati za mwana, ndipo iliyonse inkatsika movutikira, koma anadya anthu onse akuona.

Sananditsekerezenso, koma si kuti anakhulupirira. Munthu amene akupita sakanizidwa chimene wapempha, basi. Tsiku lomwelo ndinanyamula mphasa yanga n'kulowa m'kanyumba kaja. Ndinatulutsa zikuni zofukazo, ndinatsegula chitseko, ndinaboola khoma kuti mpweya uzidutsa. Apongozi anati ndimupha ndi chisanu, ine ndinati awonjezere pa mlandu womwe uja. M'mawa uliwonse ndinkamukokera padzuwa. Mafuta a nsomba anamwa kamodzi n'kunena kuti bola kufa. Ndinkamupukuta thukuta, ndinkakwirira malovu, ndinkamugwira kumsana chifuwa chikabwera. Za kugona motalikirana sindinamvere. Ndinali nditagona motalikirana naye zaka zokwanira.

Sitinkakamba zazikulu. Ankafunsa ngati denga lathu likudonthabe pakona paja, ngati mbuzi ya mawanga inaswa, ngati nthochi zimene anabzala kudambo zinabereka. Nthawi zina ankangofuna kuti ndizilankhula, chilichonse, ngakhale kutukwana atsibweni motsitsa, iye maso ali chitsinzire, pakamwa pakumwetulira. Ankati tikabwerera kwathu tikamange nkhokwe ina kumtunda kwa nyumba, chifukwa yakaleyo chiswe chaidya. Ine ndinkati kumtundako mphepo idzasasula denga, timange kumunsi pafupi ndi khola. Tinkatsutsana zimenezo mwamphamvu, tsiku ndi tsiku, ngati anthu amene adzamangadi. Zimenezo ndi zimene ndinayendera ulendo wonse uja, ndipo ndinazipeza. Zinayamba chimanga chili m'mawondo, zinatha chitachita ndevu. Anapita m'mawa wina, dzuwa litangofika pakhonde, mutu wake uli pamwendo panga, ine ndikumuuza za mbuzi. Ndinapitiriza kulankhula pang'ono ndisanaitane munthu.

Pamaliro ndinamva akazi kuseri kwa nyumba akunena kuti mchere woyamba unamudula, wachiwiri unamugwetsa. Sindinayankhe, ndipo amene amandidziwa angadabwe. Titameta, anandimasula kuti ndibwerere kwathu. Apongozi anandiperekeza mpaka pamtsinje, ndipo pamenepo, tili awiriwiri, anandigwira mkono.

"Tsopano wapita, mlandu palibenso. Sindiuza munthu. Anali ndani?"

Ndinawayang'ana. Anali atakalamba kwambiri m'miyezi yochepa ija. Sankanditchera msampha. Ankafuna munthu wokhala ndi nkhope ndi dzina woti azimuda akadzuka m'mawa, chifukwa mwala wa ku Joni sungautukwane, sukumva.

"Palibe, amayi."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kundisiya mkono.

"Uli ndi chifuwa, mwana iwe. Wina akanaulula kale."

Ndinawoloka osacheuka.

Kwathu ndinapeza munda utalowa thengo, amayi ndi mphumu yawo sanathe kupalira. Anthu ayamba kale kundiuza kuti ndikadali mwana, ndidzakwatiwanso. Amuna enieniwo amadutsa patali, amaopa ndiwo zanga, ndipo zimenezo sizindipweteka. Anyamata akupitabe ku migodi, ndimawaona akutsika njira ya kudambo akuimba, ndipo sindiwauza kanthu chifukwa msonkho sindingawalipirire. Nkhokwe ija ndamanga chaka chino. Ndamanga kumtunda, pamene ankanena iye, ngakhale mpaka lero ndikuona kuti malo anga aja ndiwo anali abwino, ndipo ndilibe womuuza.